Zotsatira za nkhani ya bwenzi la azakhali anga la pa Facebook

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati azakhali anga a ku Ulongwe ayenera kutumiza ndalama kwa mwamuna amene anadziwana naye pa Facebook, yemwe amadzitcha injiniya wa ku London ndipo ankati mphatso zomwe anawatumizira zagwidwa pabwalo la ndege ku Maputo mpaka msonkho utalipiridwa. Ambiri munalangiza kuti tiyambe tafufuza, ndipo tinatero.

Titaika chithunzi chake pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti, tinachipeza pa masamba ena chili ndi mayina osiyanasiyana. Titamupempha kuti aonekere pa vidiyo ya WhatsApp, anazemba ponena kuti kamera yake inawonongeka. Chimene chinatitsimikizira kwambiri n'chakuti nambala ya M-Pesa yomwe anapereka inali ya munthu wamba wa kuno ku Mozambique, pomwe msonkho wa katundu umalipiridwa ku boma ndipo wolipira amalandira lisiti.

Chovuta chachikulu chinali manyazi, chifukwa azakhaliwo anali atatumiza kale ndalama pang'ono osauza aliyense, ndipo ankaopa kuti abale adzawaseka. Ife sitinawadzudzule, pakuti munthu amene amakulemberani mawu okoma m'mawa ndi madzulo kwa miyezi yambiri savuta kumukhulupirira, makamaka ngati ndinu wamasiye. Tinasunga mauthenga onse ndi manambala, tinakadandaula kupolisi kuti nkhaniyi ifike ku SERNIC, bungwe la boma lofufuza milandu ku Mozambique, kenako tinamutseka pa Facebook ndi pa WhatsApp.

Pambuyo pake kunabwera foni ya munthu wina wolonjeza kubweza ndalamazo tikayamba tamulipira. Ameneyonso tinamutseka, ndipo nambala yake tinaipereka kupolisi.