Hita ya m'thanki la nsomba, ndigule kapena ndingotaya ndalama?

Kadziwotche: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi thanki la malita 100, muli tiana ta tilapia. Chiyambire kuzizira, madzi akumatsika kufika madigiri 19 m'mamawa. Tinsomba tangoti duu pansi, chakudya chikungovunda m'madzi, mwezi wathunthu osakula. Hita ndi yogula?

Wopsa_Mtima: Musayerekeze achimwene. Ine wogulitsa anachita kulumbira kuti imazima yokha madzi akafika 28. Kudzuka m'mawa, kupisa dzanja, madzi ngati osambitsira khanda, nsomba zonse mimba m'mwamba. Kubwerera nayo, akuti ndinayika molakwika. Kuyika hita m'madzi kumafunanso sukulu?

Bwana_Matanki: Munagula zotchipa, ndiye mumati zitani? Ine matanki anayi, hita iliyonse ya mawati 300, chaka chachitatu chino sindinatayepo nsomba. Zanga zikamadya mumachita kumva phokoso muli pakhomo.

Wopsa_Mtima: Sinali yotchipa bambo. Inadula kuposa thanki lenilenilo.

Mayi_Mbululu: Kuposa thanki? Ndiye anakudyerani kawiri. Yanga sinafike ndi theka lomwe.

Aphunzitsi: Tiyeni timuyankhe munthu. Nsomba sidzipangira kutentha ngati ife, thupi lake limayendera madzi. Madzi akakwera ndi madigiri 10, ntchito za m'thupi, kugaya chakudya komwe, zimathamanga pafupifupi kawiri. Tilapia imakula bwino cha pa 27 mpaka 30, ndiye pa 19 musayidabwe. Koma musaganize kuti kutenthetsa kwambiri ndiye kukulitsa. Nyama zambiri zotere zikaleredwa potentha zimakula msanga, n'kukhwima msanga, koma zimakhwima zili zazing'ono. Mu 1994 katswiri wa zamoyo David Atkinson anasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kupeza zimenezi pa zoposa 80 mwa 100 zilizonse. Tintchentche ta pazipatso timatenga masiku pafupifupi 10 kuchoka pa dzira pa madigiri 25. Pa 18 timachedwa pafupifupi kawiri, koma timatuluka tokulirapo.

Bwana_Matanki: Tikukamba za nsomba, aphunzitsi atibweretsera ntchentche kkkk

Mayi_Mbululu: Akunena zoona. Mbululu za pachithaphwi chowomba dzuwa zimamera miyendo msanga koma timachule take timakhala tating'ono. Ndinaziona ndi maso angawa.

Njira_Yachidule: Hita ya chiyani? Kutani thanki ndi styrofoam (zoyera zopepuka zija zotetezera katundu m'makatoni) mbali zitatu ndi pansi, pamwamba muvindikire. Kutentha kwambiri kumathawira pamwamba. Ndalama yotsalayo mugule thermometer basi.

Kadziwotche: Styrofoam imatenthetsa madzi?

Njira_Yachidule: Ayi, imangosunga komwe kulipo.

Kadziwotche: Nanga kusunga 19 kundithandiza chiyani akulu?

Aphunzitsi: Chitani zonse ziwiri, hita siziyaka kwambiri. Ambiri amawerengera wati imodzi pa lita, ndiye kwa inu mawati 100 akwana. Ya 300 ikakanirira osazima m'thanki laling'ono, muphika. Musaiwalenso kapampu ka mpweya. Madzi a madigiri 20 amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita, pa 30 amatsala 7.5, pomwe nsombayo ndi pamene ikumufuna wambiri.

Wopsa_Mtima: Mwaona? Hita, pampu, thermometer, bilu ya magetsi. Mawa akuuzani mugulire nsomba bulangete.

Bwana_Matanki: Bilu sindinaionepo ikusintha ine.

Mayi_Mbululu: Chifukwa amalipira ndi akunyumba kwanu.

Ng'ona_Yaikulu: Ndangolowa kumene. Paja n'zoona kuti madzi otentha amasandutsa tiana ta tilapia kukhala tatimuna?

Aphunzitsi: Cha pa 36, pa masabata oyambirira, tambiri timakhaladi tatimuna. Koma musakayesere ndi hita ngati ya achimwene aja.

Wopsa_Mtima: Ikadalipo m'kabati. Wofuna ndimugulitsa, mtengo tikambirana.

Kadziwotche: Ndiye ndigule kapena ayi? Lero kuli 18.