Timu yatsopano imalowa bwanji mu ligi ya osambira, nanga mwana angadyerepo?

Bambo a Tadala, Mufakose

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2, ndipo Loweruka timakwera kombi kupita ku Les Brown, dziwe lija la pafupi ndi Harare Gardens. Amasambira chagada, ati akutsata mapazi a Kirsty Coventry, katswiri wosambira wa kuno ku Zimbabwe. Masiku ano wandithera data poonera pa YouTube mipikisano ya International Swimming League, makamaka timu ya Tokyo Frog Kings yomwe inalowa mu 2020. Akuti naye adzasambira m'timu yolipidwa ngati imeneyo, masamu ndi ongomutayitsa nthawi. Ine mpira ndiye ndimaudziwa: timu imayambira pansi, n'kumakwera mpaka kudzakumana ndi Dynamos kapena CAPS United. Nanga iyi inatulukira kuti, kuti chaka choyamba chomwecho ikalimbane ndi akatswiri a dziko lonse? Ndipo ndalama zilikodi kumeneko?

Aphunzitsi a ku Highfield

Bambo a Tadala, kumeneko kunalibe zokwera kapena kutsika. Ligiyo anaiyambitsa ndi mpondamatiki wa ku Ukraine, Konstantin Grigorishin, mu 2019, ndi matimu 8. Mu 2020 anangoonjezera awiri, Tokyo Frog Kings ndi Toronto Titans, n'kuwauza kuti sakani osambira. Ya Tokyo anaipereka m'manja mwa Kosuke Kitajima, wosambira wa ku Japan yemwe anatenga golide wa mamita 100 ndi 200 pa Olimpiki ya ku Athens mu 2004, n'kubwerezanso ku Beijing mu 2008, zaka zomwezo zimene Kirsty wathu ankatenga golide wa mamita 200 chagada. Munthu wotere akaitana, anthu amabwera. Anatenga Ryosuke Irie, Kosuke Hagino ndi Yui Ohashi, mtsikana amene chaka chotsatira anapambana golide kawiri pa Olimpiki kwawo ku Tokyo. Ndiye dzina lokha ndi limene linali latsopano, osambirawo anali akamuna ndi ntchembere zodziwika kale.

Koma chaka chawo choyamba chinali chachilendo. Chifukwa cha Covid, matimu onse 10 anawatsekera ku Budapest kuyambira Okutobala mpaka Novembala, kumapikisana mu Duna Arena mopanda oonerera. Ganizani, timu ya Tokyo osasambirako ku Tokyo ngakhale kamodzi.

Chimene chinandikoka ine ndi kawerengedwe ka mapointi. Dziwe ndi lalifupi, la mamita 25. Pa mpikisano umodzi pamakhala matimu anayi, iliyonse n'kuika anthu awiri. Woyamba amatenga mapointi 9, womaliza imodzi, choncho ngakhale wotsalira m'mbuyo safooka, amadziwa kuti akutolera timu yake. Mu 2020 anabweretsa lamulo lankhanza lotchedwa jackpot: wopambana akakusiya kutali kwambiri, amakulanda mapointi ako onse. Caeleb Dressel wa Cali Condors ankangokolola za anzake motero, uku akuswa marekodi a dziko lonse. Ndiye pamapeto pamabwera ma skins: anthu 8 amasambira mamita 50, anayi amatsika, otsalawo amapuma mphindi zitatu zokha n'kulowanso, mpaka kutsala awiri. Ukawaona potuluka ulendo wachitatu, miyendo ikunjenjemera, ena akugwirira khoma, umachita kuwamvera chisoni.

Tokyo ndi Toronto onse anafika mu semifayinolo, kusiya DC Trident ndi Aqua Centurions, omwe anali akale, atatuluka. Chikho anatenga Cali Condors.

Mayi a Chikondi, Dzivarasekwa

Aphunzitsi, mwafotokoza bwino koma funso la ndalama mwalilumpha. Achimwene, muuzeni mwanayo kuti zimene akuonerazo ndi zakale. Ligiyo inatha. Inachitika zaka zitatu zokha, 2019, 2020 ndi 2021. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 anaimitsa zonse, ndipo mpaka lero sinabwerere. Ngakhale nkhondo isanayambe, osambira ndi ena ogwira ntchito ankadandaula kale kuti malipiro awo akuchedwa. Zonse zinkachokera m'thumba la munthu mmodzi, ndiye thumbalo litabooka, matimu onse anagwera limodzi, a Tokyo omwewo ataseweramo zaka ziwiri basi.

Ngati akufuna za Kirsty, aone njira imene Kirsty anadzera. Anachoka kuno kupita ku yunivesite ya Auburn ku America, kumaphunzira uku akusambira. Mamendulo 7 a Olimpiki aja anabwera pambuyo pake, kenako unduna wa zamasewera mu 2018, pano ndi mtsogoleri wa IOC, bungwe loyendetsa Olimpiki, kuyambira 2025. Mayunivesite akumeneko amayang'ana nthawi imene mwana akusambira, komanso amafunsa mmene anakhozera mayeso. Masamu akuwathawawo ndi amene angamukweze ndege.

Malume wa ku Nkhotakota, Mbare

Ine ndinakulira m'nyanja, kusambira ndinaphunzira pothamangitsa bwato la agogo litathawa ndi mphepo ya mwera, palibe anandipatsapo jackpot. Koma kunena zoona, ife tikambe za madziwe kaye. La ku Chitungwiza lija anamangira All-Africa Games mu 1995, pitani mukalione mmene linathera. Ana a m'makomboni mwathu akaphunzirira kuti? Donata Katai anakafika ku Olimpiki ya Tokyo akusambira chagada chomwecho, mtsikana wakuda woyamba kuimira Zimbabwe pa kusambira kumeneko, ndiye n'zotheka. Kungoti ndalama ya kombi musatope nayo, mphwanga.

Bambo a Tadala, Mufakose

Zikomo nonse. Ndamuonetsa zimene mwalemba. Za kutha kwa ligi wakwiya nazo, akuti Mayi a Chikondi akunama, wapita kukafufuza yekha pa foni ya mayi ake. Aphunzitsi, akufunsa ngati mungamupezere kanema wa ma skins a atsikana osambira chagada, makamaka pamene pali Kylie Masse wa Toronto. Mukamupeza ikani pano, koma akhale waufupi, data yanga yatsala pang'ono.