Ngongole ya a Phiri ndi chokumbira maenje

Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse. Buku la ngongole la gulu lathu losunga ndalama ndatseka la mwezi uno, aliyense wabweza kupatula a Phiri. Anatenga R9,000 mu Malichi, miyezi itatu pa 10 peresenti pamwezi, ndiye amayenera kubweza R11,700. Mu Juni anapereka R3,000, kuchoka apo ziii. Tili mu Okutobala, kugawana ndi Disembala. A Phiri, R8,700 yatsalayi ibwera liti?

A Phiri: Amayi, sindinathawe, ndili konkuno ku Turffontein, ku Joni. Ndalamayo sindinadye, ili m'chitsulo. Ndinanena potenga kuti ndikupanga chokumbira maenje chomangirira kumbuyo kwa thirakitala. Difu ya bakkie, magiya aja apakati pa matayala akumbuyo, ndinagula ku sikirapu ku Booysens, shafuti ya PTO yotenga mphamvu kumbuyo kwa thirakitala, mapaipi, marodi owotcherera, zonsezo R5,500. R3,500 inapita ku patenti.

Nabanda: Ku chiyani?

A Phiri: Patenti, mlongo. Chikalata cha boma choti nzeruyi ndi yanga, wina asakopere. Ndiye pempho langa ndi ili: m'malo mwa ndalama, gulu litenge 20 peresenti ya patentiyo. Makinawa akayamba kugulidwa, tonse tidzadya.

Nabanda: Tidzadya liti? Mayi anga ku Dedza akudikira ya feteleza mvula isanagwe. Kwa ogulitsa feteleza ndikawaonetse 20 peresenti?

Bambo a Tadala: Ine ndikuona mosiyana. 20 peresenti ya chiyani? Ndalama yonse yopangira chinthucho ndi yathu. Makina ndi a gulu, patenti ndi ya gulu. A Phiri tiwalipire ya ntchito yowotcherera basi.

A Phiri: Alamu, pamenepo ndiye mwandilakwira. Ndalama yanu inagula difu, koma sinaganize kuti difu igone chammbali, ekisulo imodzi iloze pansi, timagiya tam'kati tiwotchereredwe kuti mphamvu yonse ipite ku chobowolera. PTO imazungulira 540 pa mphindi, chobowolera chikathamanga choncho chimangomwaza dothi n'kudumpha. Difu imatsitsa kufika cha m'ma 130. Zimenezo ndinagona nazo ndekha usiku.

Mlembi: Bambo a Tadala, m'malamulo athu mulibe zimenezo. Mayi a Chisomo anakongola ya makina osokera chaka chatha, kodi madiresi awo ndi a gulu? Ngongole ndi ngongole. Ngakhale ku boma patenti ndi ya amene wapanga nzeruyo, pokhapokha iyeyo atalemba n'kusayina kuti wapereka kwa wina. A Phiri, jambulani pepala lija mutumize, kuntchito kwathu ku Sandton mapepala a maloya ndimawanyamula tsiku ndi tsiku.

A Phiri: Ndatumiza. Chidindo cha CIPC, ofesi ya boma yolembetsa mapatenti, mukuchiona.

Mlembi: Ndaona, ndipo si lachinyengo. Koma achimwene, iyi si patenti. Ndi pempho loyambirira, lomwe amati provisional. Ntchito yake ndi kukugwirirani tsiku, kuti kuyambira pa 12 Juni pamene munapereka, wina asakudutseni. Limakhala miyezi 12 yokha. Isanathe, muyenera kupereka pempho lathunthu, ndipo limenelo lamulo la kuno, Patents Act ya 1978, limafuna kuti lisayinidwe ndi loya wa za patenti. Loyambirirali munthu amapereka yekha, ndalama ya ku CIPC ndi R60.

Nabanda: R60!! Nanga R3,500 ija?

A Phiri: Mnyamata wina m'tauni anandijambulira mapulani pa kompyuta n'kundilembera Chingerezi chake. Anati zonse zatheka.

Mayi a Chisomo: Zatheka kwa iyeyo.

Mlembi: Mapulaniwo ndi ntchito ndithu, sindikunena kuti anakuberani yonse. Koma mumve zotsalazi. Pempho lathunthu likadutsa, patenti imakhala zaka 20 kuwerengera tsiku loperekera, ndipo pakatha zaka zitatu mumayamba kulipira chaka ndi chaka, mukasiya imafa. Chachiwiri, imagwira ku South Africa kokha. Inu mumati mukagulitsa makinawa kwa alimi a makadamiya ku Thyolo ndi ku Ntchisi. Kumeneko pepala ili silikutetezani. Malawi ili mu ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za mapatenti, likulu lake ku Harare, South Africa mulibemo. Ndi pempho lina, ndalama zina, ndipo kuti tsiku lanu la Juni liwerengedwe kumeneko muyenera kupereka m'miyezi 12 yomweyo.

Madala: Ana inu, ndiyankhuleko, mathirakitala ndawayendetsa m'maesiteti a fodya ku Kasungu musanabadwe ena a inu. Massey Ferguson 135 ndi imene inandiphunzitsa ntchito. Mikono itatu ija yakumbuyo imene a Phiri akumangirirapo chinthu chawo, mwini nzeru ndi Harry Ferguson, anatenga patenti mu 1926. Iye uja anapindula chifukwa zinali zatsopanodi. Koma zogoneka difu n'kukumbira maenje, mwana wanga, ndinaziona kale kwa alimi ena. Amakanika a m'mafamu akhala akuchita zimenezo.

A Phiri: Madala, chatsopano si difu. Nthaka ya kuno mukuidziwa, miyala yokhayokha. Zokumbira zambiri zili ndi bawuti yofewa, chobowolera chikagunda mwala bawutiyo imaduka kuti giya isaonongeke, ndiye utsike, uike ina. Changa ndinaika sipuling'i ya lole, chikagunda mwala chimamasuka chokha, ukakweza pang'ono chimagwiranso.

Madala: Mashafuti a PTO okhala ndi kilatchi yotsetsereka alipo m'mashopu a zaulimi, ntchito yake ndi yomweyo. Mwina kamangidwe kanu n'kosiyana, sindikukana. Koma akafufuze kaye anthu odziwa.

Mlembi: Ndipo musadalire kuti CIPC ikufufuzirani. Kuno amaona ngati mapepala ali bwino n'kudinda. Zoti nzeruyo ndi yatsopano kapena ayi zimadzatuluka wina akakutsutsani kukhoti. Funso lina, vidiyo ija munaika pa Facebook mukukumba ku Eikenhof, inali liti?

Nabanda: Pa 20 Epulo. Ndinaika ka mtima, ndikuiona pano.

Mlembi: Ndiye vuto limenelo. Chimene waonetsa pagulu usanapereke pempho sichiwerengedwanso chatsopano, ngakhale woonetsayo ndiwe mwini.

A Phiri: Pa vidiyoyo sipuling'i inali isanaikidwe. Ndinaika mu Meyi bawuti zitandithera.

Mlembi: Ngati zili choncho mwina mbali imeneyo yapulumuka. Musafute vidiyoyo, loya adzafuna kuiona.

Bambo a Tadala: Ndiye ife 20 peresenti yathu inali ya sipuling'i ya lole? Ndabweza mawu anga, makinawo akhale awo. Ndikufuna ndalama.

Mayi a Chisomo: Ine ndinachedwa masabata awiri okha munandidula chindapusa cha R200. A Phiri miyezi inayi, tikukambirana za Harry Ferguson. Lamulo likhale limodzi.

Msungichuma: Zoona. Ndipo mboni yawo ndi inu Bambo a Tadala, munasayina. Akalephera, masheya anu ndi awo ndi amene timagwira.

Bambo a Tadala: Ndinasayina ngati mlamu, sindinadziwe za mapatenti.

Msungichuma: Siginecha siidziwa chilamu.

Madala: Musakangane, chinthucho chimakumba. Ndinachiona ndi maso, dzenje la mzati wa mpanda chimatha munthu asanamalize kumwa tiyi. Mvula yayamba, nthaka yafewa, eni mapuloti ku Walkerville ndi ku De Deur ino ndiyo nthawi yokonza mipanda ndi kubzala mitengo. Bwana wa pamene ndimalondera ali ndi thirakitala koma chokumbira alibe, maenje amakumbitsa anyamata ndi piki. Ndimuuze mawa. A Phiri azilipiritsa pa dzenje, osati pa tsiku.

A Phiri: Ndikachitulutsa anthu akopera.

Mlembi: Pempho munapereka kale, tsiku lanu lagwidwa. Zimene zalembedwa m'pepalamo mukhoza kugwiritsa ntchito poyera. Mukawonjeza nzeru ina yatsopano, imeneyo ndiyo mubise.

Tcheya: Ndawerenga zonse. Tichite motere, wotsutsa anene lero. Za 20 peresenti zatha, gulu silitenga patenti, ndipo silitenga makina. A Phiri abweze R8,700 ndi chindapusa cha R200 pa mwezi uliwonse umene anachedwa, Julayi mpaka Okutobala, R800. Zonse R9,500. R3,500 pakutha pa mwezi uno, R3,000 pa 15 Novembala, R3,000 pa 5 Disembala. Chokumbiracho ndi chikole, chizigona kwa Madala, ndipo ndalama ya maenje izilowa kwa Msungichuma mpaka ngongole ithe. Tsiku limodzi likadumphidwa, tigwira masheya a a Phiri kaye, a mboni pambuyo.

Mayi a Chisomo: Chiwongoladzanja cha miyezi inayi mwakhululuka?

Tcheya: Tikachiwerengera ngongole ipyola masheya a anthu awiriwa, ndipo tidzagawana mapepala. Amene akufuna chiwerengedwe alembe dzina.

Nabanda: Ine ayi, bola ya Okutobala ifike ndituma ya feteleza.

Mayi a Chisomo: Ndalemba langa, ngakhale ndili ndekha. Zilowe m'buku.

Mlembi: Zalowa.

A Phiri: Ndavomera. Koma chinthucho n'cholemera, anthu awiri sanyamula. Alamu, bakkie yanu Loweruka ili ndi ntchito?

Bambo a Tadala: Dizilo ndi wanu. Ndifika 6 koloko.