Ndili ndi BP kale, tsopano ndaima: mankhwala ndipitirize kapena ndisiye?

Mphunzitsi_waku_Ntcheu

Moni amayi anzanga, ndi anamwino ngati muli muno. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga osalembapo kanthu, koma lero mtima wakana kukhala chete.

Ndili ndi zaka 34. Mwana woyamba ndinachira bwinobwino mu 2014. Mimba yachiwiri, ya mu 2019, ndi imene inandisiyira chipsera. Itakwana miyezi isanu ndi iwiri ndinayamba kutupa. Zinayamba ndi mapazi, nsapato za kusukulu n'kuzisiya kumavala masilipasi. Kenako zala, mphete ya ukwati tinachita kupaka sopo kuti ivuke. Apongozi anga ankangoseka, amvekere, "Amenewo ndi mapasa, mwana wanga." Mutu unandipweteka masiku atatu, panado osagwira. Tsiku lachinayi ndinali kukhitchini ndikuphika nsima. Ndikukumbukira mthiko uli m'manja, basi. Ndinatsitsimuka ndili kuchipatala, dripi kumkono, kachubu ka mkodzo, lilime nditadziluma, pamimba atandisoka. Mwanayo anali wamkazi. Anakhala masiku awiri.

Kuyambira pamenepo BP yanga sinatsikenso. Ndimamwa mankhwala a BP otchedwa HCT ndi enalapril tsiku lililonse, ndipo zinkayenda bwino. Tsopano ndadumpha miyezi iwiri, ndinagula kachipangizo koyezera mimba kufamase, mizere iwiri. Nditauza mlamu wanga anati mankhwala a BP amawotcha mwana m'mimba. Ndinachita mantha, ndipo ndinasiya kumwa Loweruka. Lero ndi Lachinayi, mutu wayamba kulemera cha kunkhongo.

Sikelo sindinayambe. Kwathu kuno amati mimba ya miyezi iwiri sionetsedwa kwa anthu. Komanso kuchipatala chaching'ono chomwe tili nacho pafupi, ulendo watha ndinabwerako osayezedwa chifukwa makina a BP analibe mabatire. Ndiye ndichite bwanji? Ndiyambirenso kumwa? Zija za 2019 zidzabweranso? Nanga anamwino amachita chiyani chapadera ndi mayi wa mtundu wanga, kapena ndidzangokhala pamzere ngati wina aliyense? Bambo a kunyumba akufuna kundithandiza koma nawonso angoti kakasi.

Namwino_wa_ku_leba

Achemwali, pepani ndi mwana wanu uja. Ndagwira ntchito kuchipinda chochirira zaka zambiri, ndipo nkhani yanu ndaiwerenga kawiri.

Mawa m'mawa mupite kuchipatala cha boma cha kuboma kwanu, osadikira mwezi wachitatu. Mutenge buku lanu la kuchipatala, lakale lija la 2019 ngati lilipo, ndi timapaketi ta mankhwala onse omwe mumamwa. Mutu ukakula usiku uno, kapena maso akayamba kuchita chidima, musadikire kuche.

Alamu anu sananame kotheratu. Enalapril ndi anzake monga captopril sitipereka kwa mayi woyembekezera, chifukwa amawononga impso za mwana ndipo amachepetsa madzi amene mwana amakhalamo m'chiberekero, makamaka miyezi ikamapita. Ndiye enalapril musayambirenso. Pomwe alakwitsa ndi pokusiyani opanda mankhwala alionse. BP yosasamalidwa imachepetsa magazi opita kwa mwana, mwana sakula bwino, nsengwa ikhoza kuchoka nthawi isanakwane, ndipo inuyo mukhoza kuchita sitiroko. Timasintha mankhwala. Amene timagwiritsa ntchito kwambiri kuno ndi methyldopa, ambiri amangoti Aldomet, ndi nifedipine. Za HCT adokotala akaona okha. Muwafunsenso za aspirin wamng'ono wa 75mg, yemwe amayambitsidwa mimba ikakwana cha m'masabata 12 kwa mayi amene anadwalapo ngati inu, ndi mapilitsi a calcium. Musagule nokha kugolosale, akulembereni.

Zimene zinakugwerani mu 2019 dzina lake ndi pre-eclampsia, ndipo ikafika pokugwetsani ngati khunyu timati eclampsia. Gwero lake ndi nsengwa, n'chifukwa chake imaonekera mimba ikadutsa masabata 20, ndipo imayamba kutha mwana ndi nsengwa zikatuluka. Mwafunsa ngati idzabweranso. Sindikunamizani, mayi amene anaidwalapo, makamaka mimba isanakhwime, komanso ali ndi BP ya kale, ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzake. Chasintha n'chakuti ulendo uno tikudziwiratu, ndipo tili ndi miyezi yoti tiilondalonde.

Za pamzere mudzakhalapo, koma chisamaliro chanu n'chosiyana. Kuyambira 2016 bungwe la WHO limalimbikitsa kuti mayi aliyense aonedwe kasanu ndi katatu asanachire, koyamba masabata 12 asanathe. Inu mudzabwera kupitirira pamenepo, ndipo kumapetoku mwina sabata iliyonse. Nthawi zonse pakhale zinthu ziwiri: kuyeza BP ndi kuyeza mkodzo ndi kapepala kaja timaviika. Kakasintha mtundu ndiye kuti impso zayamba kutaya mapuloteni. Manambala muwaloweze ngati mmene mumalowezetsera ana matebulo. 140/90 kupita m'mwamba ndi BP yokwera. 160/110 ndi ngozi, simubwerera kunyumba.

Pali chinthu chimene chimandipweteka mtima. Mayi watsika kumene pakabaza, thukuta kamukamu, wathamangira mzere, ife n'kumukulunga lamba woyezera BP pamwamba pa juzi, akuyankhula, n'kulemba nambala. Nambala yotero ndi yabodza. Muzikhala pansi mphindi zisanu kaye, msana utatsamira, miyendo osapingasa, mkono uli pathebulo molingana ndi mtima. Ngati mkono wanu ndi waukulu, pemphani lamba wamkulu, chifukwa wamng'ono amakweza nambala. Ndipo muziona kuti alemba m'buku. Namwino wa usiku amene adzakulandireni mwadzidzidzi sakudziwani, chomwe ali nacho ndi bukulo. Makina akakhala kuti sakugwira, musangobwerera mwakachetechete, funsani kuti mukayezetse kuti tsiku lomwelo.

Zizindikiro izi muwauzenso bambo ndi apongozi, chifukwa munthu ukadwala sudziona wekha: mutu wosamva panado, kuona timagetsi kapena chimbuuzi m'maso, kupweteka pansi pa nthiti za kumanja kapena pakamwa pa mimba ngati chilungulira, kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, kutaya magazi, mwana kusiya kusewera monga mwa masiku onse. Mapazi okha amatupa amayi ambiri. Nkhope ikatupa moti zikope zikulemera podzuka m'mawa, imeneyo ndi nkhani ina.

Kochirira ndi kuchipatala chokhala ndi fiyeta, chifukwa muli ndi BP komanso chipsera cha opaleshoni. Nthawi ikayandikira mukakhale kuchidikiro. Mwanamphepo ndi mankhwala alionse ofulumizitsa matenda musayerekeze, chiberekero chosokedwa chikhoza kuphulika. Brufen ndi diclofenac muwasiye, panado yekha.

Pre-eclampsia ikabweradi n'kukula, tili ndi magnesium sulphate, mankhwala oletsa kugwa ngati khunyu kuja. Mwina mu 2019 anakubayani muli chikomokere. Timayamba ndi wa mumtsempha ndi jakisoni matako onse awiri, kenako kubaya maola anayi alionse mpaka patadutsa maola 24 chichirireni kapena chigwereni komaliza. Amawawa, ndipo thupi limatentha ngati wakuthira madzi ofunda. Mudzaona namwino akubwerabwera kudzawerenga kapumidwe kanu, kugogoda bondo kuti aone ngati mwendo ukudumpha, kuyang'ana mkodzo m'thumba. Musatope naye. Mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndiye mkodzo ukachepa amachuluka m'thupi n'kufooketsa kupuma, ndipo pamenepo timasiya kubaya n'kupereka calcium gluconate, yemwe amathetsa mphamvu yake. Mukachira musati zatha. Amayi ena amagwa mwana ali kale kubere, choncho sabata yoyamba ija BP iziyezedwabe.

Mayi_a_Shuga_Chilomoni

Sisi, ine vuto langa ndi shuga, koma mantha ake ndi omwewo. Nditaima anandichotsa pamapilitsi n'kundiika pa insulin. Ndinalira pamaso pa anesi, chifukwa ine jakisoni ndimamuopa kuyambira ndili mwana. Mayi amene aja sanandikalipire. Anakoka mpando, anandigwira dzanja, anatsina khungu la pantchafu panga n'kunena kuti, "Bayani nokha, ine ndili pompano." Ndinabaya manja akunjenjemera. Anandibweretsanso mawa lake kuti aone ngati ndikukoka mlingo woyenera musirinji, ndipo anapeza kuti ndikusiya mpweya. Akanangondipatsa botolo n'kundiuza kuti ndizipita, kaya zikanatha bwanji.

Firiji ndinalibe. Anandiphunzitsa kuika botolo mukachitini kotseka, kachitiniko mumtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pakona pozizira. Nsima ndinasintha kupita ku mgaiwa, mtanda umodzi, masamba ambiri, kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Tsiku lina ndinabaya osadya mokwanira pothamangira sikelo, muminibasi thukuta lozizira, manja zii, maso mdima. Chinandipulumutsa ndi maswiti awiri omwe anesi omwewo anandilamula kuti asamachoke m'chikwama.

Ndinachirira ku Chatinkha, ku Queens. Mwana anali wamkulu, makilo 4 ndi kanthu, monga amachitira ana a amayi a shuga. Atangobadwa anandiuza kuti ndimuyamwitse msanga, ndipo ankamubaya kachidendene kuyeza shuga wake, chifukwa ana otere shuga amawatsikira akangotuluka. Pano akuthamanga pabwalo. Pitani kusikelo sisi, za kubisa mimba zisiyireni amene alibe matenda. Anthu a m'mudzi simuwauza, koma anesi auzeni.

Bambo_a_Mapasa

Ndilankhuleko ngati bambo. Achimwene akunyumbako auzeni kuti ntchito yawo ilipo. Akazi anga anali ndi BP pamimba ya mapasa athu. Ndinagula makina oyezera a mabatire kufamase, tinkayeza m'mawa ndi madzulo n'kulemba mukope. Ndinasunganso ndalama ya mafuta muenvelopu yosakhudzidwa, ndi manambala a anyamata awiri a njinga zamoto amene ndinagwirizana nawo kuti ngakhale 2 koloko usiku adzadzuka. Kusikelo ndinkalowa nawo. Mayi anga ankakakamira za mankhwala achikuda, ndipo amene anawaletsa ndine, chifukwa mkazi sangalimbane ndi apongozi ake yekha.

Namwino_wa_ku_leba

Bambo a mapasa anena zoona, makamaka za apongozi. Pa makinawo ndiwonjezere pang'ono. Gulani a pamkono wa kumtunda, a padzanja aja amanama kawirikawiri, ndipo muwatenge kusikelo tikawayerekeze ndi athu. Koma makina sayeza mkodzo. Ndinalandirapo mayi amene anakhala kunyumba masiku awiri ndi ululu wa pansi pa nthiti chifukwa nambala inkaoneka yabwinoko. Anafika chiwindi chitayamba kale kuvutika. Chizindikiro chikabwera, nyamukani, nambala ikhale yotani.

Nachisale_wa_ku_Area_25

Ine ndili pa ma ARV, ndinayamba ndili woyembekezera mu 2012, boma litangoyamba kumene chaka cha 2011 kupereka mankhwalawa kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi kachilombo. Ana anga onse atatu alibe. Changa n'chimodzi: muzinena mankhwala onse omwe mukumwa, ngakhale asakufunseni. Ine pa sikelo ina anatsala pang'ono kundimwetsa Fansidar wa malungo uja pamodzi ndi anzanga pamzere, mpaka nditanena kuti ndimamwa Bactrim tsiku lililonse. Awiriwa saphatikizidwa. Anesi amakhala ndi amayi ambirimbiri m'mawa umodzi, pakamwa panu ndi pamene pangawathandize.

Mphunzitsi_waku_Ntcheu

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera.

Lachisanu bambo anapempha kuntchito, tinapita kuboma. Nditafika ndinapempha kukhala kaye pansi monga munanenera, anesi anandiyang'ana n'kumwetulira, amvekere, "Mayi, wakuphunzitsani ndani?" BP inali 152/98. Mkodzo unali bwino. Atamva za 2019 anandichotsa pamzere n'kundiperekeza okha kwa adokotala. Sikani yaonetsa masabata 9, ndipo kamtima ndakaona kakugunda. Ndinalira pabedi pomwepo, bambo atagwira chitenje changa.

Andipatsa Aldomet, koma enalapril ndi HCT andiuza kuti ndisiye. Aspirin akuti ndidzayamba ndikabweranso pakatha masabata atatu, koma Lachitatu likubwerali ndikayezetse BP. Pachikuto cha buku alembapo ndi bolopeni yofiira kuti ndidzachirire kuchipatala chachikulu. Apongozi bambo alankhula nawo Lamlungu. Sanayankhe zambiri, koma dzulo abwera ndi nkhwani ndi nsinjiro, ndipo afunsa kuti kuchidikiro adzapite ndani. Ndawapempha kuti ulendo wa sikelo ukubwerawu tipitire limodzi, akamve okha kwa anesi za kutupa kuja.

Funso limodzi, anamwino. Aldomet akundigonetsa kwambiri. Dzulo ndinasinza ndikuchonga makope, ndipo ndikadzuka pampando mutu ukuchita chizungulire. Zimatha zimenezi?

Namwino_wa_ku_leba

Achemwali, ndasangalala kumva za kamtimako. Tuloto timachitika ndi Aldomet, makamaka masiku oyambirira, ndipo kwa ambiri timachepa thupi likazolowera. Podzuka muziyamba mwakhala kaye m'mphepete mwa bedi, kenako n'kuimirira pang'onopang'ono, ndipo muzimwa madzi okwanira. Musadumphitse mlingo kapena kuchepetsa nokha. Lachitatu mukawauze za chizungulirecho, akuyezeni mutakhala komanso mutaimirira. Chikakula moti mukufuna kugwa, musadikire Lachitatu.