Bokosi la nkhungu silikuonetsa mizere, vuto nchiyani?

Mphunzitsi wa ku Moatize:
Akuluakulu, tikupanga cloud chamber (bokosi la nkhungu) yoti ophunzira aone mizere ya ma muon, tizinthu tosaoneka ndi maso tochokera kumlengalenga. Tayika Peltier (kachipangizo kamagetsi kozizira mbali imodzi n'kutentha inayo) imodzi ya mtundu wa TEC1-12706 pansi pa chitsulo chakuda, ndi alcohol ya 70% ya ku farmasi. Nkhungu ikubwera, mizere ayi. Thandizeni.

Katswiri wa magetsi, Tete:
Aphunzitsi, chitsulocho chiyenera kuzizira kufika pa -26°C kapena kupitirira. Peltier imangosamutsa kutentha, ndiye kuno kukafika 40°C, mbali yotenthayo ikamangopepedwa ndi fani simungafikepo. Sanjikani ziwiri: yapansi 12V, yapamwamba 5V, pakati pake thermal paste (phala lodutsitsa kutentha) yopyapyala. Mbali yotentha iziziritseni ndi madzi a ayisi oyendetsedwa ndi kapampu. Yapamwamba mukaipatsanso 12V, imathira kutentha kochuluka kuposa komwe yapansi ingachotse.

Mayi wa sayansi, Ulongué:
Alcohol imeneyo ndiye yalakwikiratu, ili ndi madzi ambiri. Pezani alcohol ya isopropyl ya 99%, munyowetse nsalu ya felt yomatidwa kudenga kwa bokosi, koma isamadonthe. Matani m'mphepete monse, kamphepo kakalowa nthunzi imasokonekera. Zimitsani magetsi ounikira m'chipinda, walitsani tochi chammbali pafupi ndi chitsulo, mudikire mphindi 10 mpaka 15. Mizere yayitali yowongoka ndi ma muon. Yaifupi yonenepa ndi alpha, tizinthu tina tomwe kawirikawiri timachokera ku mpweya wa radon. Moto usayandikire, chonde.

Katswiri wa magetsi, Tete:
Zoonadi amayi. Dry ice (mpweya wa carbon dioxide woundana) akapezeka, wa -78°C, Peltier safunikanso. Koma muzivala magolovesi okhuthala, dry ice amawotcha khungu.