TV ya 32 ikungodya fyuzi ndi ma MOSFET, ndataya kale atatu

Wa ku Ndirande: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. TV ya LED ya mainchesi 32, yabwera yakufa, ngakhale kagetsi ka standby sikakuyaka. Mwiniwake akuti magetsi anathima madzulo, atabwera usiku anangomva kuti phwa, basi. Nditatsegula ndapeza fyuzi yada bii mkati, T3.15A. Bridge, ma diode osandutsa AC kukhala DC aja, ndayeza ili bwino. MOSFET, transistor yotsegula n'kutseka magetsi ku power ija, inali shoti pakati pa miyendo ya drain ndi source, mita ikungolira. Ndasintha MOSFET ndi fyuzi, kulumikiza, standby yayaka ngati masekondi awiri kenako phwa. Ndaika ina, chimodzimodzi. Yachitatu sinadikire n'komwe, kungobaya pulagi yapita. Board yake ndi ija yophatikiza power ndi main pamodzi ndiye sindingasinthe power yokha. Kasitomala akubwera Loweruka ndipo mtengo ndinamuuza kale. Ndikuphonya pati?

Madala a ku Limbe: Capacitor yaikulu ija. Chotsani muike ina.

Wa ku Ndirande: Siyotupa madala. Ndi 100µF 450V, ndaichotsa ndayeza ikuwerenga 96.

Madala a ku Limbe: Kusatupa si umboni. Ine ndachotsa zambiri zosalala bwinobwino pamwamba koma mkati zitauma. Sinthani.

Achemwali a ku Mzuzu: Achimwene, tisanafike kutali, katatu konseka mukuyatsa popanda babu? Imani kaye. Chotsani fyuzi, pamalo pakepo lumikizani babu la 60W kapena 100W, lija lakale la kawaya mkati. Likawala kamodzi n'kuzilala ndiye kuti capacitor yadzaza ndipo shoti palibe. Likangowala osasiya, shoti ilipobe, zimitsani msanga. Mukanatero ma MOSFET awiri akanakhala ali m'kabati mwanu.

Wa ku Ndirande: Babu langa linasweka mwezi watha, m'mashopu muno angodzaza a LED okhaokha.

Wophunzira ntchito: Pepani akuluakulu, ine ndine watsopano. La LED silingagwire? Nanga babu likuteteza bwanji?

Achemwali a ku Mzuzu: La LED ayi, lili ndi kadera kake mkati, silikuuzani chilichonse. Lakale lija ndi resistor chabe. Mukaliika mondondozana ndi TV, magetsi onse ayenera kudutsa mwa ilo. Werengani nokha, 100W kugawa ndi 230V, ndi pafupifupi 0.43A. Ngakhale board itakhala shoti yeniyeni, opitirira pamenepo sangadutse, babu limangowala basi m'malo moti zinthu ziphulike. Kawaya kake kakakhala kozizira resistance imakhala yotsika, ndiye TV yabwinobwino pa standby siivutika.

A ku Zomba: Tiyeni timvetse bwino zimene wanena mnzathuyu. Koyamba ndi kachiwiri standby inayaka kaye. Ndiye kuti IC yoyendetsa MOSFET inali ikugwira ntchito, MOSFET imatsegula n'kutseka, 5V kapena 12V inatuluka. Chinaipha ndi china chimene chimabwera ikayamba kuthamanga. Ine maso anga ali pa snubber, ka diode, resistor ndi ka capacitor kakang'ono kamene kali pa primary ya transformer, mbali yolowera magetsi. Pa capacitor yaikulu pamakhala pafupifupi 325V, ndi 230 kuchulukitsa ndi 1.414. MOSFET ikatseka, transformer imabweza magetsi ena pamwamba pa amenewo, kuphatikizapo spike, voltage yokwera mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepa. Snubber ndi imene imameza spike imeneyo. Diode ikaduka kapena resistor ikapsa, drain imalandira zonse, MOSFET imagwira pang'ono kenako n'kuboola. Kachitatu sinadikire chifukwa pofika pamenepo IC nayo inali itapita kale. Mwayeza resistor ya pa source, ija yosakwana 1 ohm?

Wa ku Ndirande: Imeneyo ndinayeza koyamba kokha, inali bwino. Snubber sindinakhudze.

A ku Zomba: Yezaninso pano. MOSFET ikachita shoti magetsi onse amadutsa mmenemo. Ikaduka, magetsi okwera amalowa pa mwendo wa CS wa IC, woyezera magetsi odutsa mu MOSFET, ndipo IC siipulumuka. Yezaninso resistor ya pa gate ndi ka diode kake. Komanso dzutsani mwendo umodzi poyeza, pa board mita imanama chifukwa imawerenga njira zina.

Madala a ku Limbe: Zonsezo n'zoona koma chinayambitsa n'chiyani? Capacitor. Mita yanu yawerenga 96, chabwino, nanga ESR, resistance ya mkati mwa capacitor, mwayeza? Capacitor yofooka siisalaza magetsi, MOSFET imagwira ntchito movutika. Ine ndinayamba ntchitoyi nthawi ya ma TV a chimbuyo, ndikudziwa chimene ndikunena.

Wa mafoni ku Kawale: Ine funso langa ndi lina. Ma MOSFET amene mukuikawo ndi nambala yanji, mwagula kuti?

Wa ku Ndirande: Yoyambirira inali 7N65. Awiri oyamba ndinagula nambala yomweyo mumsika. Yachitatu atatha ndinaika IRF840 imene ndinali nayo.

A ku Zomba: Apo ndiye ayi achimwene. IRF840 ndi ya 500V, pamene 65 ija pa 7N65 ikutanthauza 650V. Musamangoyang'ana ma amp kuti 8 aposa 7. Pa power ya mtundu uwu, ya flyback, 500V ndi yochepa ngakhale snubber ili bwino.

Wa mafoni ku Kawale: Ndipo za mumsikazo samalani nazo. Ine ndinagulapo paketi ya ma IC, nditapaka thinner pamwamba zolemba zonse zinachoka. Amatenga kachinthu kakang'ono n'kudindapo nambala yaikulu. Panopa ndimakonda kuzula pa board yakufa kusiyana ndi kugula zonyezimira zosadziwika kochokera. Yozula mumadziwa kuti inagwirapo ntchito.

Wa ku Joni: Kuno nthawi imene load shedding inavuta tinkalandira zoterezi tsiku ndi tsiku. Magetsi akamabwera ndi pamene zinthu zimafa, osati akamapita. Onaninso varistor ija yooneka ngati kandalama pafupi ndi fyuzi, yomeza voltage ikakwera mwadzidzidzi, ndi NTC yakuda ija, yochepetsa magetsi olowa poyatsa. Varistor ikamenyedwa imatha kukhala shoti n'kumadya fyuzi yokha. Pa nkhani yanuyi sindikuganiza kuti ndiyo ikupha MOSFET, koma ngati yang'aluka musaibwezere choncho, ndipo musaichotse n'kusiya popanda ngati amachitira ena. Kasitomala muuzeni agule TV guard, apo ayi azizula pulagi magetsi akathima.

Achemwali a ku Mzuzu: Wophunzira uja amve izi bwino. Musanagwire board iliyonse ya power, yezani pa capacitor yaikulu. Makamaka ngati iyi imene fyuzi yaduka kapena IC yafa, chifukwa palibe chimene chikumwa magetsiwo, amangokhala mmenemo. Ine inandigwira chaka changa chachiwiri pa ntchito, TV itazulidwa kalekale. Dzanja linachita dzanzi mpaka m'phewa, chala chili ndi chipsera mpaka lero. Tsitsani ndi babu lomwelo kapena resistor yaikulu, osati screwdriver. Screwdriver imathetheka moto, imadya track, ndipo capacitor yomweyo imaonongeka.

A ku Zomba: Kuwonjezera apo, ku primary probe yakuda ikhale pa minus ya capacitor yaikulu, osati pa chitsulo cha TV kapena pa tuner. Ground ya ku primary ndi yamoto. Mzere woyera umene amajambula pa board pakati pa HOT ndi COLD sanaujambule chabe. Heatsink ya MOSFET musaigwire TV ili pa magetsi.

Madala a ku Limbe: Mwaona, nonse mwabwerera pa capacitor.

Wa mafoni ku Kawale: Madala, iwo akunena zotsitsa magetsi, osati kusintha.

Madala a ku Limbe: Ine ndikuti asinthe. Ndi ndalama zingati poyerekeza ndi ma MOSFET atatu? Akasintha snubber, IC ndi zonsezo n'kusiya capacitor yakale, TV ibweranso mwezi usanathe ndipo kasitomala adzati sadziwa ntchito.

Wa ku Joni: Chimene ndikupempha ine, musamangirire waya pa fyuzi poyesa. Inabwera ina kuno wina atamanga kawaya ka kopa, board inapsa mpaka kubooka, pulasitiki ya kumbuyo itasungunuka, m'nyumba muli ana. Ndipo fyuzi ikhale ya T yomweyo, yochedwa kuduka. Ya F imaduka msanga, imatha kupita pongoyatsa pamene capacitor ikudzaza, inu n'kumafunafuna shoti imene kulibe.

Wophunzira ntchito: Nanga optocoupler singachititse zimenezi? Ndinamva kuti ikafa voltage imakwera.

A ku Zomba: Ingathe, PC817, ndiyo optocoupler, kapena TL431 yogwira nayo limodzi ikasiya kubweza uthenga wa voltage yotuluka, IC imakankha mopitirira. Koma ma IC ambiri amazimitsa okha zikatero, mumangomva kuti thi thi thi. Fyuzi yakuda bii imaloza ku primary. Ayambe kumeneko, koma PC817 ndi yotchipa, akhoza kusinthira limodzi.

Wa ku Ndirande: Ndadzutsa mwendo, resistor ya pa source yaduka. Ya pa gate ikuwerenga zambiri kuposa zimene mitundu ya mizere yake ikunena. IC ndi ya miyendo 6, pamwamba pake paphulika, nambala sikuoneka. Diode ya snubber ndiyeza ndikapeza babu. Alipo ali ndi board yakufa ya mtundu umenewu kuno ku Blantyre?

Achemwali a ku Mzuzu: Tumizani chithunzi cha board mbali zonse ndi nambala yolembedwa m'mphepete. Ma IC a miyendo 6 amafanana maonekedwe koma si onse amene miyendo yake imagwirizana, musangoika iliyonse.

Wa mafoni ku Kawale: Mababu akalewo ndinawaona kwa anthu oweta nkhuku, amafunditsira anapiye. Funsani kumeneko. 



Madala a ku Limbe: Mukamapita kogula IC mugulenso capacitor. 450V, ya 105°C, osati ya 85.