Za thandizo la zipangizo za windsurfing lija, nazi zomwe tapeza

Mwezi watha ndidafunsa za mwana wa mchemwali wanga wa ku Mtakataka, amene amasewera windsurfing, kuima pa bolodi ya thanga n'kumakankhidwa ndi mphepo panyanja. Sitolo ina ya ku Cape Town idamulonjeza thandizo la zipangizo, ndiye tinkafuna kudziwa ngati azilandira malipiro. Zikomo nonse amene mudayankha.

Mgwirizano wake tauwerenga. Ndalama palibe. Thanga, mlongoti ndi chogwirira chake amugulitsa pamtengo wotsitsa, pomwe bolodi angomubwereka ndipo aibweze chaka chikatha. Iye azivala malaya a dzina la sitoloyo ndi kuika zithunzi pa Facebook mwezi uliwonse.

Chomwe chidandidetsa nkhawa ndi zowonongeka. Mwera ukalusa mu Juni ndi Julayi, thanga limang'ambika, mlongoti umathyoka, ndipo zonsezo alipira yekha. Onjezanipo mtengo wonyamulira katundu wautali chotero kuchokera ku Joni ndi msonkho wa pachipata. Mayi ake amagulitsa mbatata ya kachewere pa Dedza boma, ndiye ndalama imeneyi si yochepa kwa ife.

Komabe tavomera. Thanga lake lakale ndi la zigamba zokhazokha, ndipo mwanayu amalota za Olimpiki, komwe masewerawa adalowa mu 1984. Tangopempha a sitoloyo kuti alembe momveka mtengo womwe tingalipire bolodi ikasweka. Ayankha kuti atumiza pepala lokonzedwa sabata yamawa, ndipo mwanayu asayina likafika.